Nanga kukabwera uthenga wa maliro, amva ndani?

Filimu ya The Social Dilemma ndinaionera pafoni mu Okutobala 2020, tili atatu pabedi limodzi m'fulati ya pansanjika ya nambala 7, kufupi ndi msewu wa Twist ku Joubert Park. Ine ndinakhala pakati chifukwa foni inali yanga, ndipo ntchito yomasulira inagweranso ine. Msuweni wanga, amene amaluka tsitsi chakufupi ndi Park Station, Chingerezi amamva, koma chothamanga cha ku America chija chimamudutsa. Wachitatu anali mayi a ku Mangochi amene tinkagawana nawo balaza ndi katani. Iwo ankagwira ntchito ya m'nyumba mpaka mabwana awo anawauza kuti ayambe aima kaye, ndipo "kaye" ameneyo anali atafika mwezi wachisanu ndi chiwiri. Ndinkaimitsa filimuyo pafupipafupi n'kufotokoza, ngati anyamata aja omasulira mafilimu a nkhonya m'mavidiyo sho a ku Ndirande, kungoti ine ndinalibe nthabwala zawo.

Tinafika pamene mayi wa banja la m'filimuyo atolera mafoni a onse nthawi ya chakudya chamadzulo, n'kuwatsekera m'kabokosi kokhala ndi loko woyendera nthawi, koti sikangatseguke ola lisanakwane. Kamtsikana kawo kapirira mphindi zochepa, kenako kaphwanya kabokosiko n'kutenga foni yake. Wopanga filimu akufuna kuti woonera agwire pakamwa: taonani mmene mwana wagwidwira! Msuweni wanga anaseka. Mayi a ku Mangochi sanaseke. Anandigwira mkono kuti ndiimitse, n'kufunsa kuti, "Achemwali, nanga kukabwera uthenga wa maliro mafoni ali m'bokosimo, amva ndani?"

Ndinasowa chomasulira, chifukwa m'mphindi 94 za filimuyo palibe amene akuyankha funso limeneli. Palibenso amene akuoneka kuti analiganizirapo.

Anaipanga ndi Jeff Orlowski. Inaonetsedwa koyamba ku Sundance mu Januwale 2020, mliri usanatseke dziko, ndipo inafika pa Netflix pa 9 Seputembala, anthu atatha kale miyezi yambiri maso ali pagalasi la foni. A Netflix anati m'masabata anayi oyamba inaonedwa m'nyumba 38 miliyoni. Oyankhula ambiri ndi anthu amene anamanga zinthuzi ndi manja awo: Tristan Harris amene anali ku Google, Justin Rosenstein amene anathandiza kupanga batani la Like ku Facebook, Tim Kendall amene anatsogolerapo Pinterest, ndi Aza Raskin amene anatulukira njira yoti tsamba lisamathe, ukamakankha ndi chala zizingobwera zina. Amakhala pampando mmodzimmodzi n'kulapa, ndipo amene anakulira m'mpingo wochitira umboni kalankhulidweka akadziwa: munthu amayamba ndi kuulula zimene anachita, pomaliza wasanduka mlaliki. Mfundo yawo ndi imodzi. Masamba a mchezo ndi aulere chifukwa katundu wogulitsidwa ndi inuyo, nthawi yanu ndi maso anu, ogula n'kukhala otsatsa malonda. Choncho kuseri kwa galasi kuli makina owerengera otchedwa algorithm, amene amaphunzira chimene chimakugwirani n'kumakupatsani chomwecho, kaya ndi mkwiyo, nsanje kapena mantha. Kuti zimveke, Orlowski analowetsamo sewero: amuna atatu a nkhope imodzi, onse akuseweredwa ndi Vincent Kartheiser, ali m'chipinda chamdima akuyendetsa mnyamata wotchedwa Ben ngati chidole.

Ndisanaitsutse, ndivomere kuti inandipeza ndikudwala kale matenda amene ikunena.

M'bindikiro wa ku South Africa unayamba pakati pa usiku wa pa 26 Malichi 2020. Paki imene pawindo lathu timaionera pamwamba inatsekedwa. Ojambula zithunzi amene amaima m'tinjira take makamera ali pakhosi, abambo osewera tchesi, alaliki, amayi ogulitsa chimanga chootcha kunja kwa mpanda, onse anazimiririka tsiku limodzi, kunangotsala nkhunda ndi magalimoto a asilikali. Windo lenileni litasowa choonetsa, ndinatembenukira ku windo la m'manja. Madzulo alionse ndinkadikira chiwerengero cha odwala kuchokera kwa nduna ya zaumoyo, Zweli Mkhize. Ndikachiona ndinkafuna cha ku Malawi, kenako cha ku Italy, kenako cha ku New York, malo amene ndilibeko ngakhale m'bale mmodzi. Ndinaonera asilikali akudumphitsa amuna akuluakulu ngati achule, apolisi akuwombera zipolopolo zamphira anthu amene anaima pamzere wogula chakudya ku Yeoville, ndiponso nkhani ya Collins Khosa, amene anamwalira ku Alexandra pa 10 Epulo atamenyedwa ndi asilikali pakhomo pake. Zonsezi zinachitika pamtunda woti n'kuyenda pansi kapena kukwera minibasi imodzi. Palibe chimene ndinaona ndi maso anga, koma chilichonse ndinachiona kambirimbiri. Tulo tinathawa. Ndinkadzidzimuka cha m'ma 3 koloko usiku mtima ukugunda ngati ndathamanga, dzanja lili kale pansi pa pilo kufufuza foni. Ndime imodzi yomasulira, imene kale ndinkaimaliza tiyi asanazizire, inkanditengera tsiku.

Sizinali za ine ndekha, ndipo sizinayambe ndi korona. Mabomba ataphulika pa mpikisano wothamanga wa ku Boston mu 2013, Alison Holman ndi anzake anapeza kuti anthu amene ankatha maola 6 kapena kuposerapo patsiku akutsatira nkhaniyo m'sabata yoyamba anavutika mumtima kuposa anthu amene analipo pamalopo. Kumayambiriro kwa 2020, ofufuza a ku yunivesite ya Fudan anafunsa anthu 4,872 m'dziko la China, ndipo anapeza kuti amene ankaona nkhani za mliri pafupipafupi pamasamba a mchezo ndiwo ankapezeka kwambiri ndi nkhawa. Zikuoneka kuti thupi silisiyanitsa bwino ngozi imodzi yoonedwa mobwerezabwereza ndi ngozi zambirimbiri. Mpaka apa ine ndi filimuyi tikuyenda njira imodzi. Timasiyana pa funso loti ankanditumizira zimenezi ndani.

Amuna atatu a m'chipinda chamdima aja sindinakumane nawo kwenikweni. Iwo ntchito yawo imayenda bwino pa munthu wa wifi yosatha, amene angalole YouTube imutenge kuchoka pa kanema wina kupita pa wina mpaka kunja kuche. Ife intaneti timagula ngati mafuta ophikira a pa okala, pang'onopang'ono. Pa 1 Epulo 2020, atakakamizidwa ndi Competition Commission, a Vodacom anatsitsa mtengo wa 1GB kuchoka pa R149 kufika pa R99, anthu n'kuomba m'manja. Koma kwa munthu amene watha mwezi osaluka mutu ngakhale umodzi, R99 ndi ufa ndi ndiwo. Kumudzi nako abale athu amagula kabandulo ka WhatsApp yokha ku TNM kapena ku Airtel. Ndiye intaneti yathu inali WhatsApp, ndipo WhatsApp ya 2020 inalibe makina osankhira munthu choona, inalibenso zotsatsa malonda. Uthenga unkafika m'mene watumizidwira, kuchokera kwa munthu amene ali ndi nambala yako. Filimu yofuna kufotokoza vuto la dziko lonse lapansi siima n'komwe pa khomo limene ambiri a kuno timalowera.

Amene ankanditumizira mantha anali azakhali anga. Lero uthenga wamawu wautali wa munthu wosatchula dzina, wodzitcha dokotala, wonena za mandimu, jinja ndi adyo. Mawa wa nthunzi ya masamba a bulugamu. Mkuja wa chakumwa cha ku Madagascar chimene pulezidenti Andry Rajoelina anamwa pamaso pa atolankhani mu Epulo. Wina unkati matendawa akuchokera ku nsanja za 5G, ndipo ine ndinkaumvera ndikuyang'ana Hillbrow Tower pawindo. Pofika Disembala kunabwera kanema wa jaji wamkulu wa dziko lino, Mogoeng Mogoeng, akupemphera pa chipatala cha Tembisa kuti katemera aliyense wa satana, wa 666, apse ndi moto. Ameneyo anandipeza katatu tsiku limodzi, kuchokera m'magulupu atatu. Pamwamba pa uthenga uliwonse azakhali ankalemba mawu omwewomwewo: "Mwanangu, umvere mpaka kumapeto." Iwo analibe wotsatsa malonda woti andigulitseko. Ankangofuna ndisafe.

A WhatsApp anayesa kuchepetsa liwiro: mu Epulo 2020 anakonza kuti uthenga umene wayenda kale kwambiri uzitumizidwa kwa munthu mmodzi kapena gulupu imodzi pa nthawi. Boma la South Africa linali litaika kale lamulo loti wofalitsa dala bodza la mliri atha kukhala m'ndende mpaka miyezi 6. Koma ndani angakaneneze azakhali ake kupolisi? Ndani akanatuluka m'gulupu ya banja, pamene nthawi imeneyo foni inkalengeza kwa onse kuti uje watuluka? Kwathu kutuluka m'gulupu ya banja n'chimodzimodzi kunyamuka pabwalo akuluakulu akulankhula.

Malangizo a filimuyo amabwera kumapeto, mayina akudutsa: zimitsani mabelu a foni, chotsani mapulogalamu, foni isalowe kuchipinda chogona. Ndinawamasulira onse mokhulupirika. Msuweni wanga anamwaza maso m'chipinda chathu, chimene chinali chogona, chodyera ndiponso ofesi yanga, n'kufunsa kuti foniyo tikaigoneke kuti, pakolido?

Palinso vuto la umboni. Jonathan Haidt akuonetsa mizere yokwera ya atsikana a ku America odzivulaza ndi odzipha kuyambira cha m'ma 2011, n'kuilumikiza ndi kubwera kwa masamba a mchezo pafoni. Mizereyo ndi yoopsadi, koma woonera sakuuzidwa kuti akatswiri ena amatsutsa kamasuliridwe kameneka. Mu 2019, Amy Orben ndi Andrew Przybylski a ku Oxford anasanthula mayankho a achinyamata oposa 350,000, n'kupeza kuti kugwiritsa ntchito zipangizozi kumafotokoza gawo losapitirira 0.4 pa 100 la kusiyana kwa mtendere wa m'maganizo pakati pawo, pafupifupi mofanana ndi kudya mbatata ya kachewere. Mkanganowu ukadalipo mpaka pano, koma Orlowski anaubisa pansi pa nyimbo zonga za mafilimu a mizukwa. Filimu yochenjeza za makina otigwira potiopseza nayo ikutigwira potiopseza.

Ku Joubert Park kusamala kumeneku n'kofunika kwambiri, chifukwa n'kosavuta kusenzetsa foni mlandu wa njala. Kafukufuku wa NIDS-CRAM anapeza kuti pakati pa Febuluwale ndi Epulo 2020 anthu pafupifupi 3 miliyoni anataya ntchito m'dziko lino, ndipo anthu 47 pa 100 alionse ofunsidwa anati mu Epulo ndalama yogulira chakudya inatha pakhomo pawo. Thandizo la R350 pamwezi limene Cyril Ramaphosa analengeza silinali la munthu amene masiku a m'pasipoti mwake anatha kalekale, ndipo ambiri a m'nyumba yathu anali otero. Mayi a ku Mangochi sankagona, inde, foni ili m'manja usiku wonse. Koma chinkawasowetsa tulo ndi lendi, ndi ana awiri amene anawasiya kwa agogo awo akudikira ndalama ya pa Mukuru. Mukanawalanda foni, mwini nyumba akanagogodabe pa 1.

Komabe sindikuimasula foni ngati yosalakwa. Inatilakwira, kungoti mlandu wake ndi wina, wosiyana ndi umene filimuyi ikuwerenga. Ndinaudziwa bwino mu Januwale 2021, patapita miyezi itatu chionereni.

Mwezi umenewo mliri unalusa ku Malawi. Pa 12 Januwale nduna ziwiri, Sidik Mia ndi Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi. Mwezi usanathe Wambali Mkandawire naye anapita. Pakati pa mayina odziwikawa panali a aphunzitsi, abusa, anamwino, anzathu a kusekondale. Kutsegula masitetasi kunali ngati kuyenda kumanda: chithunzi, kandulo, chithunzi, kandulo. Zipata za pamtunda za South Africa, kuphatikizapo Beitbridge pamene mabasi athu amadutsa, zinali zitatsekedwa kwa apaulendo wamba kuyambira pa 11 Januwale mpaka pakati pa Febuluwale.

Amalume anga ndinawapeza m'masitetasimo. Inali 2 koloko usiku, ndikukankhakankha chifukwa tulo tinali titakana, ndipo pakati pa sitetasi yotsatsa nsapato ndi ina ya vesi panatulukira nkhope yawo, atavala jekete limene ndinawagulira, pansi pake kandulo. Anaika ndi mwana wa pabanja pathu, wa zaka 16, amene sanalakwe kanthu. Anachita zimene anzake onse amachita. Kutacha ndinamva kuti akuluakulu anali atagwirizana kale zoti aimbire kaye msuweni wanga m'mawa, kuti akhale nane pansi, andipatse madzi, kenako andiuze.

Kwathu imfa ili ndi njira yake yoyendamo. Munthu akatsirizika, amayi salira mokweza amfumu asanauzidwe. Uthenga amanyamula ndi anthu otumidwa, ndipo safika n'kungouponya pakhomo; amakhala pansi, alonjeredwa, kenako ayambira patali. Wa kutali amauzidwa kuti matenda akula, bwerani. Iye amadziwa tanthauzo lake, koma amapatsidwa ulendo wonse kuti mtima ukhazikike. Ngakhale agogo athu a pa Wenela, amene ankamva za imfa patapita masabata, ankamva kudzera m'kalata imene kawirikawiri ankawawerengera mnzawo wa m'komponi, munthu woti ali pomwepo ndipo agwira phewa. Kale ndinkaona ngati zonsezi ndi kuzengereza kwa achikulire. Usiku umenewo ndinazindikira ntchito yake. Mwambo umaonetsetsa kuti nkhani yoipa isakupeze uli wekha, isakupeze mumdima, ndiponso ikupeze kamodzi. Foni inathyola zonsezo. Amalume anamwalira kamodzi, koma ine ndinauzidwa kosawerengeka, pa sitetasi iliyonse, m'gulupu iliyonse, kwa sabata yathunthu, ndipo ulendo uliwonse m'mimba munkadula ngati ndi koyamba.

Mwambo wa maliro ndinaonera kudzera pa foni ya alamu anga, imene inkagwedezeka m'manja mwawo. Nyimbo inkafika modukaduka, nkhope zinkauma pagalasi kukamwa kuli yasa. Adzukulu atayamba kutsitsa bokosi, bandulo yawo inatha. Ndinatsala nditaima pafupi ndi sitovu, ndikuyang'ana nkhope yanga m'galasi lakuda. Amati maliro n'kulirana, koma pafoni mumangoonana mukulira, zimene zili zina ndithu. Komabe wina akanandiuza kuti ndisaonere n'komwe, ndikanakana. Apa ndi pamene The Social Dilemma ilibe mawu: chingwe chimene chikukufinya pakhosi ndi chomwecho chakumangirira kwanu. Ben wa m'filimu akasiya foni amataya ma Like. Ife tikasiya timasanduka matchona.

Buku limene linandithandiza kumvetsa zimenezi linalembedwa Facebook ndi WhatsApp zisanabadwe. Welcome to Our Hillbrow, la Phaswane Mpe, linatuluka mu 2001, ndipo mlembi wake anamwalira mu 2004 ali ndi zaka 34. Ndi kabuku kowerenga usiku umodzi, ndipo misewu yake ndi imene ndinkaiona pawindo: kuchokera m'tauni umakwera ndi Twist, kudutsa Wolmarans, basi wafika ku Hillbrow. Mliri wa m'bukumo ndi Edzi, koma ambiri ofa m'nkhaniyo amaphedwa ndi pakamwa. Refentše, mnyamata wa m'mudzi wa Tiragalong amene wakhala mphunzitsi pa yunivesite ya Wits, adziponya kuchokera pansanjika. Nkhani ya imfa yake iyenda pakati pa tauni ndi mudzi, ikusintha pa ulendo uliwonse. Kumudzi agamula kuti anamulodza ndi mayi ake, ndipo awaotcha. Refilwe, bwenzi lake lakale, afalitsa zoti wolakwa ndi Lerato, mkazi wa mu Joni amene akuti ali ndi magazi a makwerekwere, ndipo Lerato naye adzipha. Pambuyo pake Refilwe apita kukaphunzira ku Oxford, akondana ndi mnyamata wa ku Nigeria, abwerera kwawo akudwala Edzi, ndipo pakamwa pomwe paja pamutembenukira.

Mpe anaona chimene Orlowski sanaone. Mphekesera ya nthawi ya mliri sichita kusowa mdani wobisala m'chipinda chamdima kuti iyende. Amainyamula ndi anthu okondana, amantha, ofuna kuti imfa ikhale ndi chifukwa ndiponso mwini wake, ndipo mwini wakeyo kawirikawiri amakhala wochokera kwina.

Ife a ku Joni tinali a "kwina" mbali zonse ziwiri za foni imodzi. Kumapeto kwa Meyi 2020, anthu mazanamazana amene anabwera pamabasi kuchokera kuno anathawa pa Kamuzu Stadium ku Blantyre, pamene anawasunga podikira zotsatira za kuyezedwa, akudandaula za chakudya ndi zimbudzi. Nkhaniyo inazungulira m'magulupu onse, ndipo pansi pake panali ndemanga za anthu a kwathu, ena mwa iwo oti timawatumizira ndalama mwezi ndi mwezi, zonena kuti a ku Joni atibweretsera imfa. Ukatsegula Twitter, kuno kunali #PutSouthAfricansFirst, yoti tabweretsa umbanda ndipo talanda ntchito. Pa Twitter pokhapo ndimupatse ulemu wake Tristan Harris, chifukwa apo makina okweza zokwiyitsa ankaonekadi ntchito yawo. Koma nyimboyo ndi yakale. Pakati pa 1988 ndi 1992, Amalawi pafupifupi 13,000 ogwira ntchito m'migodi ya kuno anabwezedwa kwawo pa mkangano wa kuyeza Edzi, pa nthawi imene palibe mmodzi wa iwo anali ndi foni m'thumba.

Bukuli lili ndi zofooka zake. Wofotokoza nkhani nthawi zina amalalikira, ndipo ine ndimaona kuti akazi a m'bukumo amasenza zilango zolemera kuposa amuna. Koma muli chinthu chimodzi chimene sindinachimvetse nditaliwerenga koyamba ku yunivesite. Mbali yaikulu ya nkhaniyo ikulankhulidwa kwa Refentše atafa kale, akutchulidwa kuti "iwe", ali kumwamba akuonerera zotsatira za imfa yake, akudziwa zonse koma osatha kutambasula dzanja. Nthawi imeneyo ndinkati ndi luso chabe la mlembi. Mu Januwale 2021, pansanjika ya nambala 7, ndinaona kuti Mpe anafotokoza ndendende munthu amene foni yake ili ndi bandulo koma malire ali otseka.

Pali mawu amodzi a m'filimuyo amene anandivuta kumasulira usiku uja wa mu Okutobala. Akatswiri ake, makamaka dokotala Anna Lembke wa ku Stanford, amafanizira masamba a mchezo ndi mankhwala osokoneza bongo, ndipo ine ndinangonena mwachidule kuti akuti tili ngati osuta chamba. Mayi a ku Mangochi anakwiya, ndipo anali ndi chifukwa. Wa chamba amatsata kukoma. Iwo ankatsegula foni ali ndi mantha, ngati munthu wosuzumira m'chipinda cha wodwala kuti aone ngati akupumabe. Mawu amene iwo anagwiritsa ntchito ndi amene timanena tonse: "Achemwali, ine ndikungoganiza kwambiri." Anzathu olankhula Chishona amati kufungisisa, ndipo dokotala wa ku Harare, Dixon Chibanda, anamanga pa mawu amenewa ntchito ya Friendship Bench, pamene agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pabenchi kunja kwa chipatala n'kumamvetsera mavuto a anthu. Kumeneko woganiza kwambiri samulanda kanthu, amamupatsa munthu woti akhale naye. M'miyezi yoyamba ija mabenchi a m'paki yathu anali kuseri kwa geti lokhoma.

Patapita masabata angapo chiikireni amalume, tinapangana zathu m'fulatimo, popanda katswiri wa ku California. Ikakwana 10 koloko usiku mafoni onse atatu ankapita kwa mmodzi, mosinthana, mabelu ali otsegula. Wa ulonda ankagona nawo kumutu. Akaona uthenga wa mandimu ankausiya. Kukabwera wa zovuta, ankayenera kudzutsa mwini wake, kumukhazika pansi, n'kumuuza ndi pakamwa. M'gulupu ya banja lathu achimwene aakulu analamulanso kuti chithunzi cha womwalira chisaikidwe pa sitetasi onse a kutali asanaimbiridwe. Lamuloli linasungidwa kawiri, kachitatu linathyoledwa. Usiku wanga woyamba wa ulonda sindinagone n'komwe. Foni ya mayi a ku Mangochi inalira cha m'ma 4 koloko, nambala yoyamba ndi +265, ndipo ndinaiyang'ana ikulira kanayi ndisanayankhe. Anali mwana wawo wamng'ono, ataba foni ya agogo ake, akufunsa ngati ku Joni kwacha.